Kukonzekera kusaka elk ndi uta kumayambiriro kwa Seputembala m'mapiri a Colorado omwe simunapondemo

Ambiri akamakonza ulendo wawo woyamba wokasaka elk amayambira pa uta, mivi ndi jombo. Ine ndimati yambirani pa nyama yoti yafa kale. Yagona m'nkhalango ya mitengo yakugwa, nthawi ili 10 koloko m'mawa, dzuwa layamba kuswa mtengo, ndipo galimoto mwaisiya kuseri kwa phiri. Mukadziwa mtunda umene mungathe kutulutsa nyama imeneyo isanavunde, mwadziwanso komwe mungasake ndi komwe simuyenera kuyerekeza n'komwe, ngakhale mapu atakukopani bwanji.

Kwa amene sanaionepo, elk ndi gwape wamkulu wa ku North America, woposa ngoma koma wosafika pa ntchefu. Nkhunzi yokhwima imalemera makilogalamu pafupifupi 300, ndipo mukachotsa mafupa mumatsala ndi mnofu wa makilogalamu 90 mpaka 110, osawerengera nyanga. Munthu wolimba amasenza makilogalamu 30 pa ulendo umodzi m'malo opanda njira. Ndiye kuti muli nokha, nyamayo ndi maulendo anayi. Ngati yafera makilomita 5 kuchokera pa galimoto, ulendo woyamba ndi makilomita 5 poti muli kale komweko, koma atatu otsalawo ndi opita ndi kubwera, onse pamodzi makilomita 35, ndipo 20 mwa amenewa muli ndi katundu kumsana. M'mitengo yakugwa simupyola makilomita awiri pa ola. Masana a sabata yoyamba ya Seputembala kutentha kumafika madigiri 24 ngakhale pamwamba pa phiri, pomwe nyama imafuna kukhala pansi pa madigiri 4 kuti tizilombo toivunditsa tisaswane. Malire anga ndi awa: munthu mmodzi asapyole makilomita atatu kuchokera pomwe galimoto ingafike, anthu awiri asapyole asanu, pokhapokha ngati mwapangana kale ndi mwini mahatchi wokhala ndi chilolezo chonyamula nyama m'deralo, ndipo nambala yake muli nayo musananyamuke. Jambulani malire amenewa pa mapu musanayambe kusirira zigwa za kutali.

Za chiphaso tidutsepo mwachangu, koma musazipeputse. Ku Colorado, limodzi mwa maboma a dziko la America, kumadzulo kwa msewu waukulu wa I-25, nyengo yosaka elk ndi uta imayamba pa 2 Seputembala n'kutha pa 30. Kwa zaka zambiri mlendo ankangofika pa sitolo n'kugula chiphaso, koma kuyambira 2025 anthu osakhala m'boma la Colorado ayenera kulowa mayere a ziphaso a Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo kulembetsa kumatsekedwa kumayambiriro kwa Epulo. Izi zikutanthauza kuti dera lokasakako, lomwe limadziwika ndi nambala yake ya GMU (magawo omwe boma linagawa malo osakako nyama), mumalisankha miyezi isanu musanaliwone. Musanalowe mayere mumagula kaye chiphaso china chokuyenerezani, monga cha nyama zing'onozing'ono, komanso sitampa ya chitetezo cha malo a nyama. Chiphaso cha nkhunzi cha mlendo chimapitirira madola 800. Aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 amafunika khadi yosonyeza kuti anaphunzira malamulo a ulenje. M'madera ambiri nkhunzi yololedwa ndi yokhala ndi mphanda zinayi pa nyanga imodzi, kapena mphanda ya pamphumi yotalika mainchesi 5. Uta usachepere mapaundi 35 pokoka, nyambo ndi mchere n'zoletsedwa, ndipo zoitanira nyama zoyendera batire n'zoletsedwanso. Kabuku ka malamulo kamatuluka chaka chilichonse. Kawerengeni konse, makamaka masamba a dera lanu.

Chinanso choti mudziwe pa kalendala: alenje a mfuti zothira wonga kukamwa amalowa m'nkhalango yomweyo kwa masiku 9 chapakati pa mwezi. Masiku amenewo valani chipewa chowala cha mtundu wa lalanje ngakhale lamulo silikukakamiza wa uta.

Kusaka pa mapu

Apa ndi pomwe pamafunika nthawi, mausiku ambiri a Juni ndi Julayi. Tsegulani Colorado Hunting Atlas, yomwe ndi yaulere ndipo imaonetsa komwe elk zimakonda kukhala nyengo yotentha, kenako yerekezani ndi Google Earth ndi mapulogalamu a mapu a onX Hunt kapena CalTopo. Kumayambiriro kwa Seputembala elk zambiri zimakhala zidakali pamwamba, pakati pa mamita 2,700 ndi 3,500, pafupi ndi pomwe mitengo imalekezera. Mukufuna malo omwe zinthu zitatu zayandikana mkati mwa kilomita imodzi ndi theka: udzu wauwisi, madzi, ndi mthunzi wozizira wogonamo.

Mthunziwo uli kumbali ya phiri yoyang'ana kumpoto. Ife ozolowera kum'mwera kwa dziko lapansi izi zimatisokoneza, chifukwa kwathu m'nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto. Kumeneko limapendekera kum'mwera, ndiye mbali ya kumpoto ndi ya kumpoto chakum'mawa ndiyo yozizira, ya mitengo yothithikana ya spruce ndi fir. Pa mapu osonyeza kukwera kwa malo, yang'anani pomwe mizere yothinana yatalikirana mwadzidzidzi kenako n'kuthinananso. Pamenepo pali kamalo kathyathyathya pakati pa mtsetse, ndipo elk zimakonda kugona pamalo otere masana, kawirikawiri chakumtunda kwa phiri, pomwe mphepo yokwera imazibweretsera fungo la chilichonse chochokera kumunsi. Chongani mipata ya pakati pa nsonga ziwiri, poti nyama zimadutsa pomwe mpophweka. Chongani akasupe, timadambo tating'ono tobisika m'nkhalango, mitengo ya aspen, ndi malo omwe anapsa zaka zingapo zapitazo, chifukwa udzu wophuka pa lupsa ndi womwe zimaufuna. Madambo aakulu ooneka bwino pa chithunzi aliyense wawaona kale. Elk zimafikamo usiku basi.

Mukatero, chongani anthu. Tsitsani mapu a misewu yololedwa magalimoto, otchedwa MVUM, a nkhalango yomwe mukupita, kaya ndi White River, Routt, Gunnison kapena San Juan. Msewu womwe ukuoneka pa chithunzi ukhoza kukhala wotsekedwa ndi geti, ndipo kanjira komwe mumayesa kachete kakhoza kukhala ka njinga zamoto. Alenje ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri: amazungulira pafupi ndi msewu, kapena amatsata njira yosalala kulowa makilomita 10 mkati. Malo amene amasiyidwa ndi apakati, oyandikira koma oipa kufikako: chikweza cha mamita 300 kuyambira pamsewu pomwe palibe poimika galimoto pabwino, kapena tsidya la mtsinje wofunika kuvula jombo. Malo otere amagwirizananso ndi malire anu a nyama, makamaka ngati mukwera popita kuti mudzatsike muli ndi katundu.

Musakonde malo amodzi. Konzani asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, osiyana kutalika kwake, ena pamwamba, ena chapakati, oti mungasamuke kuchoka pa ena kupita pa ena pa galimoto mkati mwa ola limodzi. Pa malo alionse lembani poimika galimoto, polowera m'mawa, polowera madzulo, ndi pomwe pali madzi. Chithunzi cha m'mwamba sichionetsa zonse. Nkhalango zambiri za ku Colorado zinadyedwa ndi tizilombo tofukula makungwa, ndipo pansi pake pali mitengo yakugwa yosanjikizana kufika m'chiuno, moti mamita 500 amatha ola lathunthu. Sichionetsanso gulu la nkhosa zoweta ndi agalu ake olusa, zomwe zimadyetsedwa m'mapiri ena mpaka Seputembala, monga cha ku Flat Tops, ndipo elk zimasuntha nkhosa zikafika. Safunsa anadya phula: mu Julayi imbirani ofesi ya deralo ya Forest Service, nthambi yoyang'anira nkhalango za boma, mufunse komwe ziweto zidzakhale, misewu yomwe yawonongeka, ndi ngati pali chiletso cha moto. Kwa mkulu woona za nyama musafunse kuti elk zili kuti, funso limenelo amalimva tsiku lililonse. Mutchulireni makhwawa atatu omwe mwasankha, mumufunse lomwe limadzaza anthu ndi lomwe kasupe wake amauma chaka cha chilala.

Malire a malo a eni ake ndi udindo wanu kuwadziwa. Ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kuika mpanda kapena chikwangwani, ndipo nyama yolasidwa ikalowa m'malo mwake simuitsata popanda chilolezo. Mapu onse atsitsireni mu foni musanachoke m'tauni, ndipo mapu a pepala ndi kampasi zikhale m'chikwama.

Thupi ndi zida

Phiri limagwetsa alenje ambiri kuposa kuphonya. Denver ili pa mamita 1,609, Gunnison cha pa 2,350, ndipo msasa wanu ukhoza kukhala pa 3,000. Wochokera kunsi akangofika n'kukwera tsiku lomwelo, mutu umawawa, nseru imabwera, tulo timasowa, chakudya sichilowa. Fikani masiku awiri kapena atatu nyengo isanatsegulidwe, mugone usiku woyamba m'tauni ya m'munsi, ndipo mukapyola mamita 3,000 musakweze malo ogona kuposa mamita 500 pa usiku. Imwani malita atatu kapena anayi a madzi patsiku, osefa, chifukwa mitsinje yooneka yoyera mbee imakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mowa usiyeni masiku oyambawo. Za mankhwala a acetazolamide, othandiza thupi kuzolowera malo okwera, kambiranani ndi dokotala musananyamuke. Wina akayamba kukhosomola, kubanika ali chikhalire, kapena kuyenda dzandidzandi, mutsitseni nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.

Kulimbitsa thupi ndi kukwera zitunda ndi chikwama, kuyambira makilogalamu 10 mu Meyi kufika 25 mu Ogasiti, mutavala jombo zomwezo zomwe mukasakire. Jombo zatsopano zimatha ulendo pa tsiku lachitatu ndi matuza.

Pa uta, mapaundi 60 oti mumakoka mosavuta mutagwada, mukupuma wefuwefu, amaposa 70 oti mpaka muloze kumwamba. Muvi wolemera magalamu 29 mpaka 32, wokhala ndi mpaliro wa mipeni yosapindika, umalowa bwino pa nthiti zochindikala za nkhunzi. Yesererani ndi mpaliro weniweniwo, osati mitu yoyeserera yokha, chifukwa uta ukakhala wosakonzeka bwino ziwirizi zimagwa posiyana. Yesererani mutavala chikwama, mutagwada, polozetsa kumunsi ndi kumtunda, ndiponso mutagwira nsinga yokoka kwa mphindi yathunthu. Pa mtsetse, mtunda wowerengera ndi wopingasa, osati wotsata kupendekeka kwa phiri, apo ayi muvi umadutsa pamwamba pa msana. Makina oyezera mtunda akhale owerengera zimenezi. Mukafika pa msasa ponyani mivi ingapo, popeza mpweya wopepuka wa pamwamba umakweza muvi pang'ono pa mtunda wautali. Kachipangizo komasulira nsinga tengani tiwiri. Kakatayika kamodzi m'udzu, ulendo wonse waima.

Pa malo osawadziwa ndimalimbikitsa msasa wa pa galimoto, woti mumaupasula m'mphindi 20, ndi katenti kopepuka koti mukagone mkati usiku umodzi kapena uwiri mukapeza nyama. Kusenza katundu wa masiku 8 kulowa m'chigwa chomwe mwangochiona pa kompyuta ndi kubetcha ulendo wonse pa malo amodzi. Jekete ya mvula isachoke m'chikwama: masana kumachita mabingu, ndipo mitambo ikayamba kuunjikana chokani pamsana pa phiri mphenzi zisanayambe. Chipale chofewa chimatha kugwa ngakhale sabata yoyamba. Foni sigwira m'makhwawa ambiri, choncho kachipangizo kotumizira uthenga pa setilaiti, monga Garmin inReach, n'kofunika kwa woyenda yekha.

Masiku oyamba m'nkhalango

Ntchito ya masiku awiri oyamba ndi kufufuta malo pa mndandanda. Yendani mwachangu, maso pansi, mphuno ili tcheru. Ndowe za lero zimakhala zobiriwira, zonyezimira, zofewa, nthawi zambiri zomatana chifukwa cha udzu wauwisi. Mukaziponda zimapaka pa jombo. Zouma, zotuwa, zoti mbalambanda ngati mtedza wokazinga ndi za miyezi yapitayo, musataye nazo nthawi. Kamtengo komwe nkhunzi yakhulapo nyanga kakhale kodontha utomoni, makungwa ake ali pamwamba pa udzu osafota. Chithaphwi chomwe yagubuduzikamo chikhale cha madzi ovunduka, matope atathovokera pa masamba a m'mbali adakali onyowa, ubweya ukuyandama. Ndipo pali fungo, lokhala ngati la khola la ng'ombe m'mawa koma lakuthwa. Mukalimva imani pomwepo, ikani muvi pa nsinga.

Mukayenda madzulo amodzi ndi m'mawa umodzi osaona zizindikiro za lero, samukani. Elk sizimwazika mofanana m'phiri lonse. Zimaunjikana m'makhwawa ochepa, ena onse ali gwaa. Kukakamira malo chifukwa anaoneka okongola pa mapu ndi komwe kumadyera anthu sabata yathunthu. Usiku, imani pa misewu ya pamwamba, zimitsani injini, mvetserani kwa mphindi 15. Nkhunzi zomwe zili duu masana zimalira usiku, kulira kokwera ngati likhweru kothera m'kudzuma, komwe alenje amati bugle.

Mphepo ndiyo imalamula ola lililonse. Elk ikhoza kukhululuka phokoso, nthawi zina ngakhale kukuonani, koma fungo la munthu ayi. M'mapiri mpweya wozizira umatsika usiku mpaka m'mamawa, dzuwa likatenthetsa mtsetse umatembenuka n'kuyamba kukwera, ndipo dzuwa likapendeka umatsikanso. Choncho mbandakucha khalani kumunsi kapena m'mbali mwa nyama pomwe zikukwera kukagona. Pakati pa 9 ndi 10 koloko mphepo imazungulirazungulira isanakhazikike, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe ambiri amabalalitsa gulu. Bwererani m'mbuyo mudikire. Ikakhazikika yokwera, muzungulire mukhale pamwamba pawo. Mbali ya kumpoto imachedwa kutembenuka kusiyana ndi yowombedwa dzuwa, ndipo khwawa la madzi ozizira limatha kukokera mpweya kumunsi tsiku lonse. Kabotolo ka ufa woyesera mphepo kakhale m'thumba la pachifuwa, muzifinya pafupipafupi. Ndi nzeru yomweyo ya alenje akale oyenda ndi phulusa m'kansalu.

Sabata yoyamba si nthawi ya chipwirikiti; kukwerana kumafika pachimake cha pa 20 Seputembala. Kumayambiriro nkhunzi zambiri zili zokhazokha kapena zangoyamba kulondola zazikazi, ndipo zimabwera mwakachetechete. Kutentha kumakuthandizani apa: bisalirani pa chithaphwi chatsopano kuyambira masana mpaka chisisira, mamita 20 kapena 30 kumbali yomwe fungo lanu silifika pa madzi kapena pa njira yobwerera. Poitana, yambani ndi kulira kofatsa kwa yaikazi, kuthyola timitengo, kukhula nthambi pa mtengo, kenako khalani chete mphindi 30 mpaka 45. Ambiri amanyamuka pa mphindi 15 n'kukumana maso ndi maso ndi nkhunzi yomwe inali m'njira. Mukakhala awiri, woitana akhale mamita 50 kumbuyo kwa woponya, chifukwa nkhunzi imaima pomwe ikuyembekeza kuona yomwe ikuitanayo, ndipo imakonda kuzungulira kuti inunkhize. Woponya agwade kutsogolo kwa chitsamba, osati kuseri kwake komwe nthambi zimatchinga muvi, ndipo ayezeretu mitengo itatu kapena inayi. Kokani nsinga mutu wa nyama ukabisika kuseri kwa mtengo. Pa alenje khumi a uta odziyendera okha m'malo a boma, amene amabwerako ndi nyama ndi mmodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndiye mpata ukhoza kubwera kamodzi kokha pa ulendo wonse.

Muvi ukachoka

Lasani nyama itaima chopingasa kapena itapotolokera kumbali pang'ono kukufulatirani. Tsatani mwendo wakutsogolo kukwera, mulase gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi, kumbuyo pang'ono kwa phewa, kuti muboole mapapo onse awiri. Elk ya papo limodzi imatha kuyenda makilomita. Kwa ambiri mamita 35 ndiwo malire oona mtima. Mukaponya, lirani ngati yaikazi kuti ichepetse liwiro, chongani pomwe munaima ndi pomwe inazimiririka, yang'anani wotchi. Magazi ofiira owala a thovu ndi a mapapo: dikirani mphindi 45. Akuda bii ndi a chiwindi: maola anayi kapena asanu ndi limodzi. Muvi wonunkha wa zobiriwira ndi wa m'matumbo: maola 8 kapena kuposa, ngakhale kukutentha, chifukwa mukaidzutsa pomwe yagona simudzaionanso.

Mukaipeza, sainani chiphaso monga akunenera malamulo, jambulani mwachangu, yambani kusenda. Chikopa cha elk chimasunga kutentha ngati bulangeti, ndipo nyama imayamba kuvunda mkati, pa fupa la m'chiuno ndi pa khosi, makamaka mbali yomwe yagonera pansi. Simufunika kutumbula. Ng'ambani chikopa motsata msana, sendani mbali imodzi, chotsani mwendo wakutsogolo, wakumbuyo, mnofu wa m'mbali mwa msana, wa pakhosi ndi wa m'nthiti, kenako bowolani pang'ono kuseri kwa nthiti yomaliza mutulutse kamnofu kofewa ka mkati. Tembenuzani, bwerezani. Munthu mmodzi amatha maola atatu kapena anayi, choncho tochi ya pamutu ikhale ndi mabatire apadera, ndipo chingwe cha mamita 15 chimagwira mwendo pomwe palibe mnzanu. Lamulo limafuna kuti miyendo inayi yonse, minofu ya msana ndi ya mkati ija zituluke, komanso kuti chizindikiro choti ndi yamphongo kapena yaikazi chitsale cholumikizika pa chiwalo chimodzi. Ambiri amachidula mosazindikira ali m'changu.

Ikani nyama m'matumba a nsalu opitisa mpweya, asanu kapena asanu ndi limodzi, osati a pulasitiki. Ntchentche ndi mavu zimafika mphindi zochepa. Kukatentha, ng'ambani ntchafu mpaka pa fupa kuti kutentha kutuluke. Mnofu wochotsa mafupa musauunjike thumba limodzi lalikulu, pakati pake sipazizira. Pachikani matumba pa mthunzi wa mbali ya kumpoto, kapena yalani pa mitengo yopingasa pamwamba pa kamtsinje pomwe mpweya wozizira umadutsa, mamita 100 kutali ndi nyama yotsalayo chifukwa cha zimbalangondo zakuda. Pobwerera ulendo wachiwiri fikani mukuchita phokoso, mukuyang'ana patali.

Ku galimoto kukhale kukudikira mabokosi awiri ozizira a malita 100 kapena kuposa, odzaza ndi mabotolo a madzi oundana kuyambira tsiku lofika, osungidwa pa mthunzi osatsegulidwa. Nyama isakhale m'madzi osungunuka. Dziwiranitu wokonza nyama wa m'tauni yapafupi ndi maola ake otsegulira, poti kumayambiriro kwa nyengo ena amadzaza. Ku Colorado kulinso matenda a ubongo a nyama za mtundu wa gwape otchedwa CWD, ndipo maboma ambiri a ku America saloleza kulowetsa ubongo kapena fupa la msana kuchokera kumeneko. Ngati mukufuna kuyezetsa, mutu upite ku ofesi ya Colorado Parks and Wildlife udakali wozizira, ndipo ngati nyanga zikuwoloka malire, chigaza chiyeretsedwe chisatsale ndi ubongo ngakhale pang'ono.